14,527: nambala yamakani ya pa Likoma

Bawo silinayambe. Nkhomo imodzi yasowa.

Ndi masana pa Chipyela, pachilumba cha Likoma. Dzuwa likuswa mtengo. Pansi pa mlambe pakhala abambo awiri, thabwa la bawo lili pakati pawo, ndipo anyamata atatu aima chowerama kudikira kuti aone amene adyedwe lero. Kumbuyo kwawo kukuoneka nsanja ziwiri za tchalitchi chachikulu cha St Peter's.

Wachikulireyo sakuwerenga nkhomo imodziimodzi ayi. Akungoponya ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Pofika pa dzenje lomaliza, m'dzanja mwatsala imodzi yokha.

Aliyense wadziwa pompo kuti nkhomo zilipo 63, osati 64. Palibe amene watchula nambala.

Mnyamata wamng'ono pa onse watumidwa kuti akasake kamwala.

Ine ndinatsika sitima ya Ilala ndili ndi nambala yanga m'thumba, yolembedwa pachikuto cha kope: 14,527. Amenewa ndi anthu amene anapezeka m'boma la Likoma, kuphatikiza chilumba cha Chizumulu, pa kalembera wa mu Seputembala 2018 amene anachititsa a National Statistical Office a ku Zomba. Dziko lonse linapezeka ndi anthu 17,563,749. Pa maboma onse a m'Malawi, Likoma ndiye wochepetsetsa.

Manambala otere timawamva pa wailesi, n'kuwaiwala nsima isanapse. Koma masiku ano Mmalawi aliyense akukhala ndi manambala akuluakulu, afune asafune. Ndalama yapepala ya K5,000 inatuluka mu 2022. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mayi wogulitsa usipa, amene agogo ake ankawerenga matambala, lero amawerenga masauzande asanamwe n'komwe tiyi.

Ndiye ndinati nditenge nambala imodzi yokha, ndikhale nayo pansi ngati mlendo, ndiifunse mtundu wake.

Choyamba, kungoitchula kokha ndi ntchito. Pa Chichewa chenicheni timati zikwi khumi ndi zinayi, mazana asanu, makumi awiri, ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Mpweya umatha. Kawerengedwe kathu kanamangidwa pa dzanja: ukafika pa zisanu zala zatha, umayambanso, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. N'chifukwa chake pamsika wa pa Mbamba simudzamva munthu akutero. Amangoti fotini sauzande, zotsalazo n'kumeza.

Koma kusatchula nambala sikutanthauza kusaidziwa.

Pitani kugombe m'mamawa pamene maboti a chilimila akubwerako kokoka usipa ndi nyali. Ndowa zikagulitsidwa, ya mafuta ikachotsedwa, mwini ukonde akatenga yake, alovi amazungulira ndalama yotsalayo. Funso limakhala limodzi: kodi igawika? Pali ndalama zina zimene zimagawika mwaulemu, kaya anthu ndi awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi. Zina zimasiya kakobiri kapamwamba, ndipo pa kakobiri kameneko ndi pamene pamayambira mkangano.

Akatswiri a masamu a dziko lonse amafunsa nambala funso lomweli. Igawika? Ndi angati? Chitsala n'chiyani? Mitundu yambiri ya manambala imachokera pamenepo.

Ndinakhala pamthunzi wa khoma la tchalitchi, kope pabondo, foni m'thumba. Ndinafuna kuti ntchitoyi igwiridwe ndi cholembera, monga ankatichitira ku pulayimale.

Kugawa pawiri, yakana. Imathera ndi 7, ndiye anthu a pa Likoma atati aime awiriawiri, mmodzi asowa mnzake, ngati nkhomo ya m'dzenje lomaliza lija.

Kugawa patatu, yakananso. Apa pali njira yachidule: phatikizani madijiti ake, 1, 4, 5, 2 ndi 7. Mupeza 19, ndipo 19 sagawika patatu.

Pasanu, osayesa n'komwe.

Ndi 7 inangotsala pang'ono kulola: magulu 2,075, anthu awiri n'kutsala panja. Ndi 11 yakana. Ndi 13, 17, 19, 23, yakana. Ndi 29 anaperewera anthu awiri okha kuti mizere ikwane. Ndi 47 anatsala anayi.

Mwina mwaona kuti ndikudumpha. Sindinayese 4, 6, 9 kapena 15. Palibe chifukwa. Nambala imene yakana 2 singalole 4, ndipo imene yakana 3 singalole 9. Oyenera kuyesa ndi manambala okhawo amene iwo eni sagawika ndi china chilichonse kupatula 1 ndi iwo okha. Kusukulu amawatcha ma prime. Ndiwo njerwa za masamu: nambala ina iliyonse imamangidwa pochulukitsa iwowa, ndipo iliyonse ili ndi kamangidwe kamodzi kokha.

Palinso malire. Popeza 121 kuchulukitsa ndi 121 ndi 14,641, yomwe yapitirira kale nambala yathu, ukafika pa 120 osapeza choigawa, basi, palibenso. Nambalayo ndi prime.

Ndinayamba kukhulupirira kuti ndi mmene zithere. 53 yakana, 59 yakana, 61, 67, 71. Ma prime 20 motsatizana, onse abwerera chimanjamanja. Mumtima ndinali nditalemba kale mutu wa nkhani, wonena za chilumba chosagawika.

Kenako 73.

Anthu 73 pa mzere uliwonse, mizere 199. Wotsala palibe.

Ndinabwereza kawiri. 73 kuchulukitsa ndi 200 ndi 14,600. Kuchotsapo 73 imodzi, 14,527. Ndendende.

Mutu wanga wa nkhani unafera pomwepo, koma chimene ndinapeza chinali chokoma kuposa pamenepo. 73 ndi prime. 199 nayonso ndi prime. Nambala ya Likoma ndi mwana wa makolo awiri okha, ndipo onse awiri ndi ouma mutu. Manambala oigawa alipo anayi basi: 1, 73, 199 ndi iyo yomwe. Akatswiri amaitcha semiprime nambala yotere.

Yerekezani ndi ya dziko lonse. 17,563,749 imaoneka yoopsa, koma ndi yofatsa. Madijiti ake akaphatikizidwa amakwana 42, ndiye 3 amalowa msanga. Kenako 7 amalowanso. Amalawi onse a mu 2018 akanatha kufola m'mizere 21, mzere uliwonse anthu 836,369, popanda wotsala. Yaikuluyo inagonja pa kuyesa kwachiwiri. Yaing'onoyo inandikhalitsa mpaka mthunzi unasuntha.

Kukula si makani.

Chodabwitsa china chili kwa anansi ake. Akalembera akanaphonya munthu mmodzi, nambala ikanakhala 14,526, yomwe imagawika ndi 2, 3, 6, 9, 18, 27, 54 ndi ena, onse pamodzi 16. Kukanabadwa mwana mmodzi woonjezera, ikanakhala 14,528, ndipo imeneyo ndi 64 kuchulukitsa ndi 227.

Nditaona 64 ndinatembenuka kuyang'ana pansi pa mlambe paja.

Munthu aliyense wa m'boma la Likoma atakhala nkhomo, akanadzaza mabawo 227, koma bawo lomaliza likanasowa nkhomo imodzi.

Zangochitika, n'zoona. Manambala sadziwa bawo, ndipo kalembera sanapite kwa sing'anga. Komabe ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Kusanja manambala m'mitundu si nzeru ya dzulo, ndiponso si ya azungu okha monga ambiri tinakulira tikuganiza. Mu 1950, pa Ishango, m'mphepete mwa nyanja ya Edward ku Congo, katswiri wa ku Belgium Jean de Heinzelin anafukula kafupa kazaka pafupifupi 20,000, kotemedwa timizere m'magulumagulu. Mbali imodzi ili ndi magulu a 11, 13, 17 ndi 19, omwe ndi ma prime onse a pakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana mpaka lero ngati wotemayo ankadziwa zimenezi kapena zinangogwirizana. Chosatsutsika n'chakuti anali munthu wa kunyanja, wa m'mudzi wa asodzi. Kafupako kali ku Brussels.

Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, Euclid anatsimikiza kuti ma prime satha: ngakhale utapeza wamkulu bwanji, kutsogolo kuli wina. Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene komwe lero ndi ku Libya, anapeza njira yowasefera monga mayi amasefera ufa. Umalemba manambala onse, n'kufafaniza ogawika ndi 2, kenako ndi 3, kenako ndi 5. Otsala pa sefa ndiwo ma prime.

Anthu akalewo ankaonanso khalidwe la nambala. Ankatenga manambala onse oigawa, kupatula iyo yomwe, n'kuwaphatikiza. Zikapitirira nambalayo, ankati ndi yosefukira. Chitsanzo ndi 12: 1, 2, 3, 4 ndi 6 zimakwana 16. Zikachepa, ankati ndi yoperewera. Zikafanana ndendende, ankati ndi yangwiro.

Ya Likoma ndi yoperewera kwambiri. 1, 73 ndi 199 zimangokwana 273. Mnansi wake 14,526 ndi wosefukira, zake zimafika 17,874. Nayo 64 ya pa bawo imaphonya ungwiro ndi kamodzi kokha: 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32 zimakwana 63.

Angwiro ndi osowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Woyamba ndi 6, pakuti 1, 2 ndi 3 zimakwana 6. Wachiwiri 28. Kenako 496, kenako 8,128. Wachisanu ali kutali, pa 33,550,336, pafupifupi kuwirikiza kawiri anthu onse a m'Malawi mu 2018. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi ku Algeria, analemba kuti Mulungu analenga dziko m'masiku asanu ndi limodzi chifukwa 6 ndi nambala yangwiro. Angwiro onse amene apezeka mpaka lero amagawika pawiri. Ngati alipo wina wosagawika pawiri, zaka zoposa 2,000 zapita anthu akumusaka.

Kukamba za bishopu kwandikumbutsa khoma limene ndatsamira.

Dzina lakuti Chipyela limakumbutsa moto. Pamalo pano ndi pamene ankawotchera anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni a UMCA, gulu la Anglican limene linabadwa potsatira pempho la David Livingstone, anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo Chauncy Maples anali mmodzi wa atsogoleri awo. Iye anamira m'nyanja ya Malawi mu 1895, atangodzozedwa kumene ubishopu. Pamalo a moto paja ndi pamene amishoniwo anasankha kumangapo tchalitchi. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903, wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, ndipo anthu a pachilumbachi ndiwo anaswa miyala ndi kuisenza. Anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911.

Matenda a manambala akakugwira, ngakhale zaka sumazisiya. 1903 ndi 11 kuchulukitsa ndi 173, semiprime ngati ya kalembera ija. 1911 ndi yofewa, imalola 3, 7 ndi 13. Sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901, Ilala mu 1951, ndipo zaka ziwiri zonsezi ndi ma prime. Tanthauzo lake? Palibe. Koma ndani angaletse munthu kusangalala?

Chaka cha 1903 chomwecho, amisiri ali kalikiliki ndi maziko pano pa Chipyela, ku New York kunachitika chinthu chimene anthu a masamu amasimbabe.

Tengani 2, mumuchulukitse ndi 2, n'kumabwereza mpaka ma 2 akwane 67, kenako muchotsepo 1. Mupeza 147,573,952,589,676,412,927. Wansembe wachikatolika wa ku France, Marin Mersenne, analemba mu 1644 kuti nambala imeneyi ndi prime. Mu 1876 Édouard Lucas anaonetsa kuti si prime, koma sanathe kunena manambala oigawa. Zinali ngati kudziwa kuti m'mudzi muli wakuba koma osadziwa dzina.

Mu Okutobala 1903, pamsonkhano wa American Mathematical Society, Frank Nelson Cole anapita pa bolodi. Nkhani imati sanayankhule kanthu. Mbali imodzi anawerengera nambala ija. Mbali inayo analemba 193,707,721 ndi 761,838,257,287, n'kuyamba kuchulukitsa ndi choko, mzere ndi mzere. Mayankho awiriwo atafanana anakakhala pansi, anthu n'kuwomba m'manja. Akuti ntchito yosaka manambala awiriwo inamudyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu.

Nambala ya Cole ndi ya mtundu umodzi ndi ya Likoma: ma prime awiri okha, ochulukitsidwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuchulukitsa 73 ndi 199, mwana wa Sitandade 6 achita bolodi lisanafufutidwe. Koma kumupatsa 14,527 kuti apeze makolo ake, ayenera kugogoda zitseko 21. Kupita n'kosavuta, kubwerera n'kowawa, ngati kuthira mchere m'ndiwo n'kufuna kuuchotsamo.

Kwa zaka mazana ambiri zimenezi zinkaoneka ngati masewera a anthu okhuta. Mu 1977 akatswiri atatu a pa MIT ku America, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, anazisandutsa loko. Njira yawo imatchedwa RSA, potengera zilembo zoyamba za maina awo. Umatenga ma prime awiri akuluakulu, n'kuwachulukitsa. Yankho lake umalipereka poyera, aliyense alione ndi kuligwiritsa ntchito potseka uthenga wobwera kwa iwe. Koma wotsegula ndi yekhayo amene akudziwa ma prime awiri aja.

Chaka chomwecho magazini ya Scientific American inasindikiza nambala ya madijiti 129, ndi mphotho ya madola 100 kwa amene angaiphwanye. Inagonja mu 1994, patadutsa zaka 17, anthu pafupifupi 600 atasonkha makompyuta awo kudzera pa intaneti kwa miyezi isanu ndi itatu. Mu 2020 ina ya madijiti 250 inaphwanyidwa. Maloko a RSA amene amagwira ntchito masiku ano amakhala ndi madijiti 617.

Ndiye mwana wa pa Likoma amene ali ku Johannesburg akatsegula tsamba la banki pa foni kuti atumize ya malata kumudzi, loko amene amateteza tsambalo amadalira masamu a mtundu umenewu. RSA ndi imodzi mwa njira zake. Mbale wake wamng'ono wa loko ameneyo ndi 14,527.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri a ife tinaphunzira ma prime ngati chilango. Unkaloweza 2, 3, 5, 7, 11, kulemba mayeso, n'kuiwala. Sindikumbuka tsiku limene wina anatiuza kuti tibweretse nambala ya m'mudzi mwathu, ya anthu kapena ya mbuzi, tiiphwanye tione zimene zili m'kati. Chikhalirecho mwana amene amadziwa kuti bawo laperewera osawerenga nkhomo, wagwira kale mchira wa nkhaniyi.

Mafunso ena amene ungaifunse 14,527 ndi achidule. Kodi anthuwa angafole mizere yofanana m'litali ndi m'lifupi? Ayi. Mizere 120 ya anthu 120 imadya 14,400, n'kutsala 127. Nanga kufola ngati mulu wa tomato, mmodzi patsogolo, awiri pambuyo pake, atatu, mpaka mzere wa 170? Pamafunika 14,535. Aperewera asanu ndi atatu. Kompyuta nayo, imene imadziwa 0 ndi 1 basi, imailemba chonchi: 11100010111111.

Kusaka ma prime akuluakulu sikunathe. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku San Jose, California, anapeza wina wa banja la Mersenne lomwe lija: ma 2 okwana 136,279,841 ochulukitsidwa, kuchotsapo 1. Ali ndi madijiti 41,024,320. Palibe buku la m'tchalitchi muno limene angakwanemo.

Ndinayesa kumugawira anthu a pa Likoma, kuti aliyense, kuyambira khanda mpaka gogo, asunge chidutswa chake pamtima. Aliyense angatenge madijiti 2,824.

Atsala 72. Alovi akanakanganirana.

Pomwe ndinkatseka kope, bawo linali litafika pakati. Kamwala kaja kanapezeka, koyererako, kosongoka mbali imodzi, ndipo kankayenda m'maenje limodzi ndi nkhomo zinzake popanda wokafunsa kwawo. Wachikulire uja anali atadya kale mzere wakutsogolo wa mnzake.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kope langa lodzaza ndi manambala ofufutafufuta.

"Achimwene, ngongole yake ndi ya ndani imeneyo?"

Ndinawauza kuti ndi chiwerengero cha anthu a pa Likoma ndi Chizumulu. Anafunsa kuti cha liti. Nditati cha 2018, anapukusa mutu, dzanja lili kale m'dzenje lina. Anati kunyumba kwawo kokha kwabadwa zidzukulu zitatu chichokereni akalembera, ndipo mnyamata wawo wamkulu anakwera Ilala chaka chatha, sanabwerere.